Njinga ndi Msana Wokhota

Lero ndilankhula za anzathu amene fupa lawo la msana lidakhotera mbali imodzi, kapena ali ndi linunda. Ena a iwo adaleka kupalasa njinga chifukwa cha ululu, ndipo tsopano ayenda pansi popita kumsika ndi kuchipatala. Njinga singawongole msana, koma ululu ungachepe ngati njingayo yakonzedwa molingana ndi thupi la mwini wake. Chofunika ndi sipanala ndi mnzanu wokugwirirani njinga.

Choyamba ndi chishalo. Khalani pachishalo, nimuike chidendene pa pedulo ili pansi penipeni. Mwendo ukangowongoka osadzikoka, ndiye kuti chishalo chili pamalo pake. Chikakwera kwambiri, chiuno chimapendekera uku ndi uku popalasa, ndipo msana wokhota umasautsidwa koposa. Chikatsika kwambiri, apweteka ndi mawondo. Onaninso kuti mphuno ya chishalo isaloze kumwamba kapena pansi.

Chachiwiri ndi mahandulo. Akakhala pansi kapena kutali, munthu amawerama ulendo wonse, ndipo khosi ndi msana zimalema msanga. Masulani bawuti ya pamwamba, nimukweze mahandulo kufikira muwagwira osawerama kwambiri, zigongono zitapindika pang'ono. Pa chitsulo chogwira mahandulo pali mzere. Musakweze kupitirira mzerewo, chifukwa chitsulocho chingathyoke muli pa liwiro. Ngakhale phewa limodzi lili patsogolo pa linzake, mahandulo akhale olunjika ndi gudumu.

Chachitatu ndi miyendo. Ena mwendo umodzi ngwaufupi. Otere apite kuchipatala akawayese, kuti auzidwe ngati nsapato ya mwendo waufupiwo iyenera kuonjezedwa kunsi kwake.

Chachinayi ndi katundu. Musabereke thumba kumsana kapena kulikoleka paphewa limodzi. Limangeni pakaliyala, kulemera kulingane mbali zonse ziwiri. Pa ulendo wautali tsikani nthawi ndi nthawi, muyende pansi pang'ono.

Musasinthe zonsezi tsiku limodzi. Sinthani chinthu chimodzi, ndi sentimita imodzi yokha, nimupalase masiku atatu muone ngati ululu wachepa. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Inu aphunzitsi, yang'anirani ana, makamaka atsikana, pakuti msana kawirikawiri umayamba kukhota pakati pa zaka 10 ndi 15. Mwana akawerama nthiti za mbali imodzi nizitumphuka kuposa zinzake, auzeni makolo apite naye kuchipatala.

Potsiriza, pali ululu wina umene sipanala singathetse. Ngati miyendo ichita dzanzi kapena kufooka, ngati mkodzo utuluka wokha, kapena ngati muonda ndi kutuluka thukuta usiku, siyani njinga mupite kuchipatala msanga. Nthenda ya TB imagwiranso mafupa a msana, ndipo mankhwala ake alipo. Mukafika kwanu, kauzeni anzanu mawu awa.