ULENDO WA KU ZILUMBA ZA MALERI: NKHANI YA PA WAILESI

Madzulo ano tikamba za ulendo umene munthu wa ndalama zochepa angathe kuuyenda Loweruka ndi Lamulungu, atatha kukolola.

Ambiri mukamva za nkhalango zosungiramo nyama mumaganiza za Kasungu kapena Liwonde, ndipo mumati zimenezo n'za azungu. Koma kum'mwera kwa Senga Bay kuli zilumba zitatu, Maleri, Nankoma ndi Nakantenga, zimene zili m'kati mwa Lake Malawi National Park. Boma linakhazikitsa malo amenewa mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linawalemba pa mndandanda wa malo a mtengo wapatali pa dziko lonse lapansi. Chimene chikusungidwa kumeneko makamaka ndi nsomba.

Nsombazo ndi mbuna, zija asodzi amazinyoza chifukwa cha kuchepa. Mbuna zimakhala m'miyala ndi kudya ndere, ndipo sizikonda kuoloka mchenga kapena madzi akuya. N'chifukwa chake chilumba china chimakhala ndi mitundu yakeyake imene simungaipeze kwina konse. Yaikazi imasunga mazira m'kamwa kufikira ataswa, monga achitira chambo. Khoka limodzi lokokedwa pamalo otere likhoza kuononga chinthu chimene sichidzapezekanso. Lamulo likuletsa kusodza pa mtunda wa mamita 100 kuchokera ku gombe la zilumbazi.

Inu mafumu, zimenezi si zachilendo kwa inu. Ku chilumba cha Mbenji, a Senior Chief Makanjira ndi anthu awo amatseka usodzi nyengo ya dzinja chaka ndi chaka kuti nsomba ziswane, ndipo mwambowu unayamba Boma lisanaganize n'komwe za paki.

Tsono za ndalama. Chodula pa ulendowu ndi bwato. Munthu mmodzi sangathe, koma mukasonkhana khumi, a mpingo umodzi kapena a kalabu ya ulimi, mtolo umapepuka. Kuchokera pa Salima kukafika ku Senga Bay ndi makilomita ngati 20, ndipo amene ali ndi njinga asalipire galimoto. Fikani Loweruka masana, mugone kwa abale kapena m'nyumba ya alendo yotsika mtengo, ndi kupangana ndi mwini bwato madzulo omwewo. Mtengo mugwirizane muli pamtunda, wa kupita ndi kubwera womwe. Osayamba kukambirana muli pakati pa madzi. Ndalama yolowera m'paki imene Mmalawi amalipira ndi yochepa kusiyana ndi ya mlendo wakunja, choncho musaiwale chitupa chanu cha unzika. Pa Nankoma pali nyumba ya alendo, koma mtengo wake si wa mlimi. Inu mukaone ndi kubwerera tsiku lomwelo.

Kamba mutenge kumudzi: mbatata yophika, mtedza wokazinga, nthochi ndi madzi akumwa. Pachilumba musadule mtengo, musakoleze moto, musatole mazira a mbalame.

Apa mverani bwino. Kuyambira Meyi kufikira Ogasiti mphepo ya mwera imaomba, ndipo nyanja imene inali bata m'mawa imalusa dzuwa lisanafike pamutu. Miyezi ya Sepitembala ndi Okutobala ndiyo yabwino, ngakhale kumatentha. Nyamukani m'bandakucha. Musakwere bwato lodzaza koposa muyeso, ndipo funsani majekete oyandamitsa munthu, makamaka ngati muli ndi ana. Mwini bwato akati lero sitipita, musamuumirize chifukwa choti mwasonkha kale. Iyeyo nyanja akuidziwa kuposa inu a kumtunda.

Mukafika, khalani phee pamwala ndi kuyang'ana pansi. Madzi ake ndi oyera kotero kuti mudzaona nsomba zobiriwira, zachikasu ndi zamizeremizere zikudya pafupi ndi phazi lanu. M'mitengo mudzamva nkhwazi. Ana a sukulu asatsale. Ambiri a iwo nsomba amaidziwa ili kale m'mbale.

Amene ali ndi ndalama yoonjezerapo angathe kupita ku Cape Maclear, kumene kuli likulu la pakiyi, podzera ku Golomoti ndi Monkey Bay. Kumeneko kulinso manda a amishoni amene anamanga Livingstonia yoyamba mu 1875. Koma ulendowo umadya tsiku lathunthu pa msewu, ndipo m'madzi a kufupi ndi mudzi wa Chembe muli likodzo. Amene wasamba m'nyanja naona magazi mu mkodzo apite kuchipatala msanga.

Usiku pa gombe udzudzu ndi wambiri. Aliyense anyamule masikito ake. Mafumu, uzani anthu anu zimenezi pa bwalo.