Mwana wosakhazikika ndi dzuwa la Okotobala

 Ine si dokotala ayi. Ndine mtolankhani chabe, ndipo ku yunivesite ndidachokako maphunziro ali pakati, tsono musayembekeze Chizungu chozama kwa ine. Ndabwera kudzalankhulira mwana amene nonsenu mukumudziwa: uja sakhala pansi, amayankha funso lisanathe, amataya pensulo tsiku ndi tsiku, mukamutuma mchere amabwera chimanjamanja. Kuno timati ngosamva, ngwamakani, penanso timati adamulodza.

Ena mwa ana oterewa ali ndi vuto limene achipatala amalitcha ADHD. Gwero lake ndi mmene ubongo wa mwanayo udakulira: umavutika kusunga maganizo pa chinthu chimodzi, umavutikanso kuletsa thupi kuchita chilichonse chabwera m'mutu. Kawirikawiri vutoli limatsata mtundu. Ofufuza amati pa dziko lonse, mwa ana 100 alionse, pafupifupi asanu ali nalo. Chiyambire sukulu yaulere mu 1994, kalasi ya ana 100 si yachilendo kuno ku Phalombe, choncho werengani nokha. Ndipo si onse amalumphalumpha. Ena, makamaka atsikana, amangoti duu, maso pa windo, mphunzitsi nkumati ndi ofatsa pamene sakutolapo kanthu.

Nanga dzuwa likubwera bwanji pa nkhaniyi? Chaka cha sukulu chimayamba mu Seputembala, ndiye kuti teremu yoyamba imagwera pa Okotobala ndi Novembala, mvula isanagwe, pamene chigwa chonsechi kuyambira m'munsi mwa Michesi mpaka ku nyanja ya Chilwa chili ng'aning'ani. Lowani m'kalasi ya malata yopanda siling'i nthawi ya 11 koloko, ana atathinana pansi, mudzandiuze. Kutentha kumasokoneza mutu wa aliyense, ngakhale wa a hedi. Koma njala ikalowa m'mudzi imayambira kwa amene nkhokwe yake idali kale yaing'ono. Mwana wa ADHD kumvetsera kwake nkochepa kale, ndiye kumatha msanga kuposa kwa anzake.

Chachikulu ndi tulo. Ana ambiri a vutoli amachedwa kugona ngakhale nyengo yozizira. Onjezani usiku wotentha, m'nyumba yotseka mawindo kuopa udzudzu ndi akuba, ana anayi pa mphasa imodzi. Wamkulu akagona mosakwanira amadzuka wofooka, koma mwana nthawi zambiri amadzuka wolusa ndi wosakhazikika kuposa dzulo. Mng'ono wanga adali wotero. Chaka chilichonse dzuwa likafika pachimake, makolata oitana makolo ku sukulu amachuluka, ndipo bambo amathyola kamtengo. Palibe adafunsapo kuti mwanayu wagona maola angati. Inenso, ndivomere, ndinkamuseka.

Kenaka madzi. Mwana ameneyu akatengeka ndi mpira amaiwala ludzu, amaiwala ndi mthunzi womwe. Thupi likachepa madzi mutu umawawa, mtima umapsa msanga, ndewu nkuyambika pa nkhani ya mpando. Ndipo popeza amachita asanaganize, ndi yemweyo amayamba kudumphira m'dziwe osaona kuya kwake. Akasinkhuka, ndi uja mumamuona akupalasa kabaza dzuwa lili paliwombo, kuchoka pa Migowi kupita ku Chiringa, osamwako ndi kapu imodzi ya madzi. Mukaona mwana wasokonezeka mutu, akusanza, thupi lili moto kapena wakomoka, muikeni pa mthunzi, mumthire madzi, muthamange naye ku chipatala. Musayambe mwapita kwa asing'anga.

Ochepa mwa inu muli ndi ana amene akumwa mankhwala a vutoli, monga methylphenidate, amene ena amawadziwa ndi dzina loti Ritalin. Mankhwalawa amathandiza, koma amachepetsa chilakolako cha chakudya, amafulumizitsa mtima pang'ono, ndipo akamwedwa mochedwa amabalalitsa tulo. Nyengo ino mwanayo adye m'mawa, amwe madzi pafupipafupi, ndipo mankhwalawo musawasunge pa windo. Kusiya kapena kusintha mlingo, funsani kaye adokotala. Amene mukukayika za mwana wanu, yambirani pa chipatala chapafupi; iwo angakutumizeni ku chipatala cha boma, ndipo pakafunika, ku Queens ku Blantyre kapena ku chipatala cha matenda a maganizo ku Zomba. Dzina la Zomba lisakuopseni, mwanayo si wamisala.

Anthu a Phalombe ngozi timaidziwa. Napolo wa 1991 sitidamuiwale, Freddy wa 2023 mabala ake akadalipo. Madzi akaononga, akuluakulu amabwera ndi magalimoto ndi makamera, ife atolankhani tili pambuyo. Kutentha kulibe phokoso. Kumangobweza mwana m'kalasi imodzimodzi kawiri, katatu, mpaka atopa nkusiya sukulu. Nchifukwa chake akabwera ofuna mavoti kudzalonjeza mabuloko a sukulu, muwafunse ngati mudzakhale siling'i, mawindo otseguka ndi mjigo wogwira ntchito. Muwafunsenso kuti aphunzitsi ophunzitsidwa za ana ovutika kuphunzira, monga amene amachokera ku Montfort ku Nguludi, alipo angati m'zoni muno.

Koma zina sizilira phungu. Aphunzitsi, masamu ndi kuwerenga zikhale za m'mawa kusanatenthe. Mwana wosakhazikikayo mumkhazike kutsogolo, mumpatse malangizo limodzilimodzi, ndipo mukaona wayamba kutekeseka mumtume akafufute bolodi kapena akatunge madzi. Kumugwaditsa pa dzuwa ngati chilango nkuthira palafini pa moto. Makolo, kabotolo ka madzi m'chikwama, ndipo madzulo asambe asanagone.

A wapampando, pempho langa ndi loti tisanabalalike lero, komiti igwirizane za ndowa ya madzi akumwa pa khomo la kalasi iliyonse kufikira mvula itagwa, ndipo tilembe mayina a omwe azitunga.