KUPHWASULA THANKI YA MAFUTA YOLEKA NCHITO

Nkhani ya lero iri ya mathanki akulu acitsulo amene aoneka m'mbali mwa njanje, pa migodi ndi pa madoko, m'mene makampani asungira petulo, dizilo ndi mankhwala a m'mafakitale. Thanki yotere ikakalamba, kapena malo ace akafunidwa pa nchito yina, iyenera kuphwasulidwa ndi kucotsedwa. Munthu wongodutsa angayese kuti nchitoyi iri ngati kugwetsa nkhokwe yakale m'mene cimanga cinatha. Si tero iai. Amisiri odziwa amaopa thanki yopanda kanthu koposa yodzaza.

Cifukwa cace ndi ici. Cimene cimayaka si petulo wamadziyo, koma nthunzi yace ikasanganikirana ndi mpweya. M'thanki yodzaza malo a mpweya ngocepa. Koma mafuta akapopedwa onse, mpweya ulowa nukomana ndi nthunzi yocokera m'zotsalira za pansi ndi za m'dzimbiri. Pa magawo 100 a mpweya, magawo 2 okha a nthunzi ya petulo akwanira kuphulitsa thanki yonse. Ndiponso nthunziyi njolemera kuposa mpweya, motero siituluka yokha ngakhale citseko ca pamwamba cisiyidwe cotsegula. Imangokhala pansi osaoneka, miyezi ndi miyezi.

Zimene zinacitika ku London pa 17 July, 1969, zionetsa bwino ngoziyi. Pa doko lochedwa Dudgeon's Wharf, m'mbali mwa mtsinje wa Thames, anchito anali kuphwasula mathanki akale. Thanki nambala 97 inasungapo mankhwala ochedwa myrcene. Inali itapopedwa kale, koma m'zipupa zace m'kati munatsala zomata zonga ulimbo. Pamene anchito anali kudula citsulo ndi moto, zomatazo zinayaka, ndipo ozima moto anaitanidwa. Pofika iwo, moto unaoneka ngati wazima. Ena anakwera pa denga nathira madzi m'kati. Tsono kunafunika kutsegula citseko ca m'munsi, koma mabawuti ace anakana kumasuka, ndipo munthu anayamba kuwadula ndi moto wa gasi. Pomwepo thanki inaphulika, denga linanyamuka pamodzi ndi anthu anali pamwambawo. Anafa ozima moto 5 ndi wanchito mmodzi.

Anthu amenewa sanali acibwana; moto anali kuudziwa bwino. Cimene sanacidziwe ndi khalidwe la zimene zinatsala m'thankimo. Patapita zaka zowerengeka, ozima moto a ku London anakonza zizindikiro zochedwa Hazchem, zolembedwa pa magalimoto ndi pa nyumba zosungira mankhwala oopsa, kuti wofika pa ngozi adziwe msanga cimene alimbana naco.

Ndiye cifukwa cace nchito yoyamba siicitika ndi nyundo, koma ndi mafunso. Kapitao ayenera kufufuza zonse zimene thanki inasungapo ciyambire, osati zomaliza zokha. Kenaka magetsi adulidwa, ndipo mipope yonse yolowa ndi yotuluka imasulidwa ndi kutsekedwa ndi zitsulo zomangidwa ndi mabawuti. Kungopotoza cotsekera ca mpope sikukwanira, pakuti cotsekera cakale cimadontha, ndipo munthu wina wosadziwa angathe kucitsegula. Nsenga za pansi zipopedwa ndi kutengedwa m'zotengera zotseka kunka ku malo ololedwa. Nsenga zimenezi siziyenera kukhudzidwa ndi manja. Petulo wa masiku akale anali kuthiridwa mankhwala a mtovu, ndipo ngakhale petulo wotere wa magalimoto analeka kugulitsidwa pa dziko lonse m'caka ca 2021, poizoni wace atsalabe m'nsenga ndi m'dzimbiri la mathanki akale.

Zitatha izi thanki itsukidwa ndi madzi otentha kapena nthunzi ya madzi owira, niuziridwa mpweya wabwino, ndipo munthu wophunzira nchitoyi ayeza m'kati ndi cipangizo coyezera gasi, pansi, pakati ndi pamwamba. Mphuno si coyezera. Koma apa m'pamene ambiri anyengedwa. Cipangizo cingathe kunena zoona kuti mulibe gasi m'mawa citsulo ciri cozizira. Koma moto wodulira citsulo utentha kupitirira madigiri 3,000, ndipo ukafika pa cipupa cimene kuseri kwace kuli zomata, zomatazo zitulutsa nthunzi yatsopano nthawi yomweyo, moto uli pomwepo kale. Tero kuyeza kubwerezedwa nchito isanayambe, ndi pobwera kocokera ku cakudya, ndi tsiku liri lonse, ndipo palibe woyatsa moto popanda kalata ya cilolezo yosainidwa ndi mkulu wa nchito. Kumene kutsuka sikutheka, thanki idzazidwa ndi madzi, kapena ndi thovu la nitrogen, kuti mpweya usowe malo.

Kulowa m'kati ndi ngozi yina payokha. M'thanki yotsekedwa nthawi yaitali, makamaka yothiridwa nitrogen, munthu angagwe osapfuula konse, ndipo kawiri kawiri mnzace wothamangira kukamtulutsa agwanso momwemo. Wolowa amangidwe cingwe, abvale copumira, ndipo pa citseko paime mlonda amene sadzalowa ngakhale zitatani, koma adzaitana thandizo.

Kugwetsa kweni kweni ndiko kosabvuta. Masiku ano akonda makina okhala ndi zibwano zazikulu zodula citsulo popanda moto, woyendetsa ali patali. Ayamba ndi denga natsika pang'ono pang'ono, ndipo asamala mphepo, cifukwa thanki yopanda denga ipindika msanga. Thanki yokwiriridwa pansi iri ndi msampha wace: m'dzinja madzi akadzaza m'dzenje, thanki yopepukayo iyandama ngati bwato nithyola mipope. Ikacotsedwa, dothi la pansi pace liyezedwa, ndipo lonyowa ndi mafuta likumbidwa, lingaononge zitsime za anthu okhala pafupi.

Omvera ambiri sadzagwira nchito pa thanki yaikulu, koma mgolo wa magaloni 44 audziwa onse, pakuti ndiwo umene amisiri a m'misika amadula kupanga mbaula ndi zitseko. Mgolo umene munali petulo uli ndi khalidwe lomwelo, ndipo kuutsukuluza ndi madzi ozizira sikucotsa nthunzi ya m'mapindiro mwace. Ngati mmisiri sangacitire mwina, atsegule zibowo zonse ziwiri, autsuke ndi madzi otentha ndi sopo, audzaze madzi kufikira pafupi ndi mzere wodulapo, ndipo ana aime kutali.