Kugulitsa Nyumba ku Petauke ndi ku Nyimba

Mau awa ndi a inu a ku Migodi amene kwanu ndi kum'mawa. Ambiri a inu, pogwira nchito ku Kitwe, ku Mufulira kapena ku Luanshya, munali kutumiza ndarama kwanu pang'ono pang'ono, mwezi uno za njerwa, mwezi wamawa za malata, kufikira nyumba inaima pa Boma la Petauke kapena m'mbali mwa mseu waukuru pa Nyimba. Munati mudzapumulamo mutaleka nchito. Koma ana anakulira ku Migodi, alankhula Cibemba, ndipo za kubwerera safuna kumva. Tsono mwaganiza zoigulitsa, ndipo caka catha wosaoneka munthu wa ndarama m'manja. Nkhani yathu madzulo ano ndi imeneyi.

Poyamba tikumbuke kuti Petauke ali kutari ndi Lusaka makilomita ngati 400, ndipo ogula nyumba kumeneko ndi owerengeka: aphunzitsi, anamwino, akalaliki a Boma, ndi amalonda ogula mtedza ndi cimanga. Ena onse akhoza kupempha malo kwa a nyakwawa, naumba njerwa ndi manja ao. Cifukwa cace wogula sawerenga thukuta lanu ai. Iye ayerekeza mtengo wanu ndi ndarama zimene angaononge pomanga yace yatsopano, ndipo mukapitirira pamenepo adzakulonjerani mwaulemu, nadzapita osabweranso.

Koma ine ndiona kuti cimene cicedwetsa malonda koposa mtengo ndico makalata. Kodi nyumba yanu iri pa nthaka ya yani? Ambiri sadziwa kuyankha. M'caka ca 1975 Boma la Dr Kaunda linathetsa umwini wamuyaya wa nthaka, ndipo lamulo la malo la 1995 linena kuti nthaka yonse ya Zambia iri m'manja mwa Mtsogoleri wa dziko, aisungira anthu. Imene mugulitsa inu ndiyo nyumba pamodzi ndi ufulu wokhala pamalopo, ndipo ufuluwo uli wa mitundu yosiyana. Wina ali ndi taitolo ya zaka 99 yocokera kwa Komishinala wa Malo. Wina m'komboni ali ndi cilolezo ca Khonsolo ca zaka 30. Wina ali ndi kalata ya mfumu yokha, kapena mau a pakamwa a nyakwawa amene anamwalira kale.

Malo ambiri a maboma awiriwa ali m'maiko a mafumu, monga a Kalindawalo, a Mumbi, a Ndake ndi a Nyalugwe. Kalata ya mfumu iri ndi ulemu wace, ndipo sindiipeputsa. Koma mphunzitsi wofuna ngongole ya nyumba ku banki kapena ku Zambia National Building Society adzafunsidwa taitolo, ndipo popanda imeneyo wogula wanu wabwino wapita. Njira yosandutsa malo a mfumu kukhala a taitolo iripo: mfumu ibvomereze ndi kulemba, Khonsolo iyendere malowo niitumize mau kwa Komishinala, ndipo wopima malo aike zizindikiro za malire. Njirayi ndi yaitali, nthawi zina yotopetsa mtima. Iyambeni musanaitane ogula, pakuti munthu wosunga ndarama m'thumba sadikira miyezi yambiri. Msuweni wace adzadwala, kapena ng'ombe yotsika mtengo idzapezeka.

Tsopano ndifike pa abale. Ife Ansenga titsata mtundu wa kwa amai, ndipo amuna ambiri anamanga pa cikamwini, pa nthaka ya mbumba ya akazi ao. Malata ndi anu ndithu, koma pansipo pali eni ace. Wogula wocenjera amafunsa anansi asanafunse inu, ndipo akangomva kuti amalume a kucikazi sanauzidwe, athawa monga wothawa njuci. Khalani pansi ndi akazi anu ndi akuru a mbumba, mugwirizane, ndipo pa tsiku lolemberana akhalepo ngati mboni.

Ikakhala nyumba ya masiye, cenjerani koposa. Lamulo la 1989 la cuma ca munthu womwalira wosasiya wilo lipereka nyumba kwa wamasiye ndi ana, ndipo wamasiyeyo akhalamo moyo wace wonse pokhapo atakwatiwanso. Munthu woikidwa kuyang'anira cumaco alibe mphamvu yakugulitsa nyumba popanda cilolezo ca bwalo la milandu. Malonda otere akhoza kufafanizidwa ngakhale ndarama zitadyedwa kale.

Inu a taitolo, musaiwale kuti Boma liyenera kubvomereza nyumba isanalembedwe dzina la wina, ndipo silibvomereza ngati msonkho wa nthaka wa caka ndi caka uli ndi ngongole. Palinso msonkho wosinthira umwini, wolipira wogulitsa ku Zambia Revenue Authority. Unali magawo 5 pa 100 alionse, koma kuyambira Januwale 2025 unakwera kufika pa 8. Uwerengereni pa mtengo wanu pasadakhale. Ena amayesa kulemba mtengo wocepa pa kalata. Sizithandiza, popeza a msonkho ali ndi mphamvu yakuika mtengo umene iwo auona woyenera.

Nanga nyengo? Ndarama za kum'mawa zituruka m'munda. Kuyambira Juni kufikira Seputembala, pamene mtedza, soya, thonje ndi cimanga zagulidwa, amalonda ali ndi kanthu, ndipo miseu ya kumidzi ipitika. Mu Januwale ndi Febuluwale aliyense alirira feteleza ndi ufa. Caka ca cilala ca 2024, cimene Boma linacicha tsoka la dziko lonse, cinatiphunzitsa kuti nkhokwe zikakhala zopanda kanthu nyumba ziima osagulidwa, ngakhale zokongola. M'caka cotere ndi bwino kuikamo mphunzitsi wolipira lendi kusiyana ndi kuitaya pa mtengo wa njinga.

Zotsalazo muzidziwa kale. Lambulani bwalo, gwetsani ciswe pa zipupa, tsekani podontha, lipirani ngongole ya madzi. Ndipo musagulitse muli ku Kitwe pa lamya, ndarama zilikupita m'manja mwa mphwanu. Pemphani chuti, kwerani basi, mukaime nokha pakhomo panu ndi makalata m'manja.