Za Malungo, ndi Nzeru ya Kupenya Denga Lonse

Abale ndi alongo, ndi inu akatekisiti athu, pa tsiku ili la jubili tikumbukira iwo amene anayamba ntchito ya Mulungu kuno. Mundilole ndikumbutsenso mdani amene anawachingamira, amene sanatichokere kufikira lero, ndiye malungo. M'chaka cha 1862 Bishopu Mackenzie anafa nawo pa mathiriro a Ruo, pa Shire yemweyu wopita pa Liwonde, mankhwala ake atamira pogubuduka bwato. Ndipo ine mphunzitsi, pakutsegula kaundula m'nyengo ya dzinja, ndiona maina ambiri osayankhidwa, ndi ena amene sadzayankhidwanso.

Masiku aja panalibe wodziwa gwero la nthendayi. Mu 1880 Laveran anapenya kachirombo m'mwazi wa wodwala, ndipo mu 1897 Ronald Ross anakapeza m'mimba mwa udzudzu. Anzeru amenewo anasanthula chinthu chimodzichimodzi, ndipo anachita bwino. Koma taonani, denga likadontha, mmisiri wochenjera sayang'ana udzu wokha; apenya phaso, ndi luzi, ndi nsichi, pakuti zonsezo zigwirana. Momwemo achita ofufuza a lero. Mu 2002 anatha kuwerenga malangizo onse a chibadwa, otchedwa DNA, a kachirombo ka malungo, ndiwo oposa 5,000, ndi a udzudzunso. Tsono asonkhanitsa pa kompyuta za kachirombo, za udzudzu, za mwazi wa munthu, ndi za mvula, kuti aone umo chimodzi chisunthira chinzake.

Dziko lathu lomwe linapereka phunziro. Akulu mukumbukira chloroquine, umo anatichiritsira poyamba, ndi umo analekera kugwira, popeza tizirombo tinamzolowera. Mu 1993 Malawi anayamba mwa maiko onse a Africa kumsiya. Patapita zaka 12, pakumuyesanso pa ana ku Blantyre, anachiritsa 99 mwa 100. Pakuti tizirombo topirira mankhwala tija tinachepa tokha, tinzake titatiposa pamene mankhwalawo anachoka. Sindinena kuti tibwerere kwa iye, iyayi. Kuyambira 2007 mankhwala oyamba a m'zipatala zathu ndiwo LA. Ndinena kuti chimene munthu mmodzi amwa, kapena asiyira pakati, chisintha mtundu wa tizirombo todzaluma mwana wa mnansi wake.

Tsono penyani denga lathu la Machinga ndi Balaka. Tili ndi madambo a Chilwa ndi Chiuta, minda ya mpunga, ndi maenje a njerwa posungira madzi, momwe udzudzu uswana. Udzudzu nawonso waphunzira kupirira mankhwala ena a m'masikito. Ndipo ofufuza a kuno kummwera anapeza chinthu chimene chinandilasa mtima: ana a sukulu ndiwo asenza tizirombo koposa onse, kawirikawiri osamva kudwala, ndipo ndiwonso agona kunja kwa masikito, pakuti timawasiyira mphasa yopanda kanthu. Udzudzu uluma mkulu wooneka wamoyo, nukapatsira khanda.

Mu 2019 katemera woyamba wa malungo anayambidwa m'maboma 11 a Malawi, ndipo Machinga ndi Balaka anali mwa iwo. Mu 2021 bungwe la WHO linamvomereza. Koma iye ndiye phaso limodzi chabe. Achepetsa nthenda, saithetsa, ndipo mwana ayenera kumlandira kanayi.

Chifukwa chake ndikupemphani, akatekisiti, pakuyendera midzi funsani zinthu izi: Kodi ana onse agona m'masikito, ndi a sukulu omwe? Kodi khanda latsiriza katemera? Kodi wotentha thupi anakayezedwa mwazi tsiku lomwelo, namaliza mankhwala ake? Kodi dzenje la njerwa lakwiriridwa? Makolo anati mutu umodzi susenza denga. Tisenze pamodzi, kuti pa jubili ilinkudza mphunzitsi wina adzaitane maina, ndi ana onse adzavomere. Ambuye atithandize.