Mawu a Mlendo Wolemekezeka pa Mwambo Wopereka Thandizo kwa Alimi a Ziweto ku Ngabu

Ndilemekeze Bwanamkubwa wa boma lino la Chikwawa, Wapampando wa khonsolo ndi makhansala onse, olemekezeka aphungu a Nyumba ya Malamulo, Gogochalo ndi mafumu onse a ndodo, magulupu ndi nyakwawa, abusa ndi mashehe, akuluakulu a nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DoDMA, alangizi a ziweto, apolisi, atolankhani, ndi inu eni mwambo, amayi ndi abambo oweta ng'ombe ndi mbuzi. Amayi a kwaya, sindinakuiwaleni. Mwationetsa kuti dzuwa la ku Ngabu silitseka pakhosi!

Chigwa chino cha Shire chaona zokhoma. Mu Januwale 2022 namondwe Ana adakokolola makola. Tisanamalize kuzika nsichi zatsopano, namondwe Freddy adafika mu Malichi 2023. Chaka chotsatira kudagwa ng'amba, mpaka boma lidalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi. Ziweto zomwe madzi adazisiya, dzuwa lidaziwotchera msipu.

Ngozi ikagwa, timathamangira kuwerenga nyumba zogwa ndi minda yokokoloka, ndipo n'koyenera. Koma khola ndani amaliwerenga? Kuno ng'ombe ndiyo imakoka ngolo, ndiyo imalipira mwana fizi, ndiyo imapepuza maliro. Munthu amene khola lake lapita ndi madzi wataya thukuta la zaka zambiri usiku umodzi. N'chifukwa chake ndikuthokoza boma pokumbukira mlimi wa ziweto, monga lidachitira pomwe lidayamba kupereka mbuzi m'malo mwa feteleza kuno ndi ku Nsanje, pansi pa ndondomeko ya zipangizo zotsika mtengo ija.

Tsono tiuzane zoona. Ndalama za thandizoli ndi za m'khola. Abambo, mwandimva kumbuyoko? Foni ikalira kuti zalowa, musayambe ulendo wa pa Nchalo kukaona anzanu. Amayi akuseka, akudziwa zomwe ndikunena! Khalani pansi awiriwiri, mugule thadzi, mugule mankhwala a nkhupakupa ndi a njoka zam'mimba, mumange khola pamalo okwera. Thadzi limodzi lathanzi ndilo limadzaza khola.

Chomwe chimandiwawa kwambiri ndi ichi: chilala chikafika timakakamira ng'ombe mpaka nthiti zionekere, kenako venda n'kudzatchula yekha mtengo, ife n'kuvomera chifukwa ana agona ndi njala. Thandizoli labwera kuti musagulitse mopanikizika. Ngati n'kugulitsa, gulitsani nkhunzi zokalamba zikadali ndi mnofu, zazikazi zikhale.

Za nthenda ya zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi musazitenge mwachibwana. Tili pafupi ndi njati za ku Lengwe, ndipo nthendayi ikabuka misika ya ziweto imatsekedwa, tonse n'kulira. Alangizi akaitana katemera, bweretsani ng'ombe zonse, osabisa zina kudambo. Akaletsa kuyendetsa ziweto, musazembetse usiku.

Mafumu anga, ndi ulemu wonse, kaundula akhale woyera. Amene sanawetepo ngakhale nkhuku asalembedwe kuti adataya ng'ombe, pomwe mayi wamasiye amene mbuzi zake zidapita ndi Shire watsala. Wina akakupemphani kangachepe kuti dzina lanu lilowe, kaneneni kupolisi kapena ku ofesi ya Bwanamkubwa tsiku lomwelo.

Landirani thandizoli, mukaligwiritse ntchito yake. Mulungu adalitse Chikwawa, adalitse Malawi.