Mphunzitsi Angakwere M'maphunziro Osasiya Kalasi Yake

 Lero tilankhula makamaka ndi inu a ku Madzimoyo ndi a m'masukulu ena ozungulira Chipata. Nkhani yathu ndi ya njira zimene mphunzitsi kapena mkulu wa sukulu angapezere digiri, yoyamba ngakhale yaciwiri, akali kugwira nchito yake. Ana inu musaganize kuti nkhaniyi ndi ya akulu okha, pakuti zimene aphunzitsi anu aphunzira zimathera m'makope mwanu.

Kuphunzitsa aphunzitsi si cinthu cacilendo ku Madzimoyo. Mishoni ya Dutch Reformed Church inakhazikitsidwa kumeneko mu 1903, ndipo anyamata ambiri anaphunzira pamenepo nchito ya uphunzitsi ndi ulaliki, nabwerera kumidzi kukatsegula masukulu. Koma masiku amenewo maphunziro apamwamba anali kutali kwambiri. Pamene dziko lathu linalandira ufulu mu 1964, anthu a m'Zambia amene anali ndi digiri anali pafupifupi 100 cabe. Ndico cifukwa cake University of Zambia itatsegulidwa mu 1966, sinadikire nthawi yaitali: mu 1967 inayamba kuphunzitsa anthu kudzera m'makalata, kuti munthu wa pa nchito awerenge ali kwao. Ambiri mwa ophunzira a mtundu umenewu akhala aphunzitsi kuyambira kale.

Tsono tiyeni tione makwerero a maphunziro monga momwe dziko lathu linawakonzera. Bungwe la Zambia Qualifications Authority limaika masatifiketi onse pa masitepe 10. Dipuloma ili pa sitepe 6, digiri yoyamba pa sitepe 7, digiri yaciwiri, imene imachedwa Masters, ili pa sitepe 9, ndipo digiri ya udokotala wa maphunziro ili pamwamba penipeni, pa sitepe 10. Munthu sadumpha makwerero. Mphunzitsi wa ku pulayimale amene ali ndi dipuloma ayenera kuyamba ndi digiri yoyamba; amene ali nayo kale ndiye angapemphe malo a digiri yaciwiri.

Kodi maphunzirowa apezeka kuti? University of Zambia ku Lusaka ili ndi cigawo cochedwa Institute of Distance Education, cimene cinakula kucokera ku maphunziro a m'makalata aja. Mu 2014 yunivesiteyi inagwirizananso ndi Zimbabwe Open University kuyamba digiri zaciwiri za ophunzirira kutali, ndipo imodzi mwa izo inali ya kayendetsedwe ka masukulu. Ku Chongwe kuli Chalimbana University, imene aphunzitsi acikulire amaikumbukira ndi dzina lakale la NISTCOL. Malo amenewa akhala akuphunzitsa aphunzitsi kuyambira mu 1939, ndipo ndi oyenera kwambiri a ku pulayimale ndi oyang'anira masukulu. Ku Kabwe kuli Kwame Nkrumah University, ndipo ku Kitwe kuli Mukuba University, yodziwika pa masamu ndi sayansi. Palinso mayunivesite amene si a Boma, monga Zambian Open University, imene inakhazikitsidwa mu 2002 ndi colinga ceniceni cophunzitsa anthu a pa nchito.

Kaphunziridwe kake kali motere. M'kati mwa temu mphunzitsi amakhala pa sukulu yake, akuwerenga mabuku amene apatsidwa ndi kulemba nchito zimene amatumiza kwa omuphunzitsa. Kale nchitozi zinali kuyenda pa positi, koma tsopano zambiri zimayenda pa intaneti, kotero foni yabwino kapena kompyuta yakhala ngati khasu la wophunzira. Pa nthawi ya chuti ophunzira amaitanidwa ku yunivesite kwa masabata owerengeka kukakumana ndi owaphunzitsa maso ndi maso, ndi kukalemba mayeso. Digiri yaciwiri kawirikawiri imatenga zaka ziwiri kapena kuposerapo. Mbali yoyamba ndi ya maphunziro ndi mayeso. Mbali yaciwiri ndi ya kufufuza nkhani imodzi mozama ndi kulemba buku la zimene wapeza.

Njira zilipo, koma pali zinthu zinai zimene muyenera kulingalira musanalipire ngwee ngakhale imodzi.

Coyamba, funsani ngati sukuluyo ndi yovomerezeka. Lamulo la maphunziro apamwamba la mu 2013 linakhazikitsa bungwe la Higher Education Authority, limene limalembetsa mayunivesite ndi kuvomereza maphunziro ao. Musakhutire ndi kumva kuti sukulu inalembetsedwa; funsaninso ngati kosi imene mufuna inavomerezedwa. Ngati digiriyo icokera ku dziko lina, Zambia Qualifications Authority ndiyo iyenera kuiyesa. Mudzaona pa foni panu zolengeza za digiri yofulumira ndi yochipa, ya miyezi yocepa ndi yopanda mayeso. Akulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Mphunzitsi angathe kutenga ngongole, kugulitsa mbewu ndi mbuzi, ndi kulandira pepala limene bungwe la Teaching Council of Zambia silidzaliwerengera konse.

Caciwiri, werengerani mtengo wonse. Ndalama za sukulu ndi mbali imodzi cabe. Kucokera ku Chipata kufika ku Lusaka ndi ulendo wa makilomita oposa 550, ndipo muyenera kulipira basi popita ndi pobwera, malo ogona, cakudya, kusindikiza mapepala ndi intaneti. Khalani pansi ndi a m'banja mwanu muwerengere pamodzi, pakuti chuti ca Disembala cimagwa pa nthawi yobzala ndi yopalira. Munda ndi ana adzafuna wowayang'anira. Ambiri amene amalekera pa njira salephera cifukwa ca kusowa nzeru, koma cifukwa cakuti sanakonzekere ndalama za caka caciwiri.

Cacitatu, dziwitsani akulu anu a nchito. Lembani kalata kudzera kwa ahedi anu kupita ku ofesi ya maphunziro ya m'boma lanu, ndipo sungani yankho lao. Dziwaninso kuti digiri payokha sikweza malipiro tsiku lomwelo. Kukwezedwa pa nchito kuli m'manja mwa Teaching Service Commission, ndipo kumadalira malo amene alipo. Aphunzitsi ambiri adikira zaka atatsiriza maphunziro. Munthu wolowa m'maphunzirowa cifukwa ca ndalama zokha angakhumudwe msanga.

Cacinai ndico cacikulu koposa: ana asaluze kanthu. Kuyambira mu 2022, pamene Boma linacotsa malipiro m'masukulu ake, ana acuruka kwambiri m'makalasi. Caka comweco Boma linalemba aphunzitsi oposa 30,000, komabe makalasi ambiri akali odzaza. Mphunzitsi amene apatsa ana nchito yokopera pa bolodi kuti iye alembe nchito yake ya ku yunivesite pa tebulo, akumanga nyumba yake ndi njerwa zogumula ku nyumba ya ana. Mwana wa Giredi 1 akapanda kudziwa kuwerenga caka cimeneco, amavutika m'magiredi onse otsatira. Nthawi ya kalasi ndi ya ana. Nthawi yanu ndi ya m'mamawa, ya madzulo ndi ya pa Ciweru. Ola limodzi tsiku ndi tsiku liposa usiku wonse wa mayeso atayandikira, pakuti pang'onopang'ono ndi mtolo. Ndipo inu ahedi, ngati aphunzitsi anu atatu afuna kuphunzira, konzani nao ndondomeko bwino kuti pasakhale kalasi yokhala yokha.

Tsono pali njira imene maphunziro anu ndi nchito yanu zingathandizane. Pofika pa kufufuza kuja, musapite kutali kukafuna mutu. Sankhani vuto la pa sukulu yanu. Kodi n'cifukwa ciyani ana ena amajomba pa nthawi yokolola? Kodi mwana amene kwao amalankhula Cinsenga kapena Citumbuka amavutika pati powerenga Cinyanja ca m'mabuku? Kodi mphunzitsi mmodzi angathandize bwanji ana ofooka m'kalasi yodzaza? Kodi silabasi yatsopano, imene inayamba m'masukulu mu 2025, ikuyenda motani ku sukulu ya kumudzi? Mafunso awa sangayankhidwe bwino ndi munthu wokhala m'ofesi ku Lusaka; mayankho ake ali m'kalasi mwanu. Mukawapeza, musawatsekere m'kabati. Afotokozeni pa misonkhano ya aphunzitsi a pa sukulu yanu ndi ya pa zoni, kuti digiri ya munthu mmodzi ithandize masukulu khumi.

Ana inu, tamverani. Mukaona aphunzitsi anu anyamula cikwama pa chuti kupita kukalemba mayeso, dziwani kuti kuphunzira kulibe msinkhu. Iwonso amacongedwa, iwonso amabwereza nchito imene sanaicite bwino. Tengerani citsanzo cao, ndipo ngati makolo kapena acibale anu akuwerenga madzulo, apatseni mpata osacita phokoso.

Wailesi ikatsekedwa, kambiranani mafunso awa. Aphunzitsi: kodi muli pa sitepe iti ya makwerero aja, ndipo ndi vuto liti la pa sukulu yanu limene mungakonde kulifufuza? Ana: chulani mayunivesite atatu amene mwamva lero ndi malo amene apezeka, ndipo muwasonyeze pa mapu a Zambia.